Chitsononkho cha mlongo wanga

Linali Loweruka mu Julayi, ndikuswa mtedza pakhonde. Azakhali, atafika kuchokera ku Ludzi, anapatsa mandasi mlongo wanga wa zaka zinayi, iye n'kulandira ndi dzanja limodzi. Linalo linali litafumbata chitsononkho chimene sankachisiya, ngakhale posamba.

"Mwanayu ndi wamwano, alamu," anatero azakhali kwa amayi, n'kumulanda chitsononkhocho n'kuchiponya pansi.

Mwanayo anatseka makutu monga ankachitira chigayo chikalira, ndipo analira mpaka mawu anasasa. Amayi anangousa moyo, kufotokoza kunali kutawatopetsa. Ine manyazi anandigwira, sindinanene kuti popanda chitsononkhocho sadya. Ndinangochitola mwakachetechete n'kumubwezera.

Ndinatsimikiza kuti mawa lake ndimusokera thumba pakabudula, azisungamo polandira zinthu kwa akuluakulu.