Tsiku Limene Ndinadwalitsa Amayi

Pawindo la kuchipinda kwa amayi panali bulangete lakhofi, lokhomedwa ndi misomali itatu. Linali ndi kabowo kopsa ndi moto, ndipo dzuwa linkalowera pomwepo ngati ulusi. Amayi ankagwira ntchito usiku kuchipatala pa boma, kukolopa m'mawodi ndi kutembenuza odwala. Ankafika m'mawa akununkha mankhwala okolopera, n'kumagona ife tikudzuka.

Chaka chimenecho sukulu itatsekera, nyengo yozizira ija ya manachesi, anandipatsa udindo wokhala pakhonde, kupirikitsa nkhuku ndi kubweza alendo mwaulemu. Nkhuku ndinkazitha. Anthu ndiwo anandikanika. Munthu akati "Odi!", ine n'kunena kuti amayi agona, ankayang'ana dzuwa kenako n'kuodiranso mokweza. Kwathu mzimayi wogona masana ndi waulesi kapena wodwala, basi.

Sabata ina kuntchito anati Lachisanu ayeza onse ogwira usiku: BP, shuga, maso. Ndinamva amayi akuuza amalume chapansipansi kuti, "Achimwene, akandipeza ndi vuto andikhazika pansi. Anawa ndiwadyetsa chiyani?" Amalume anati, "Muzingogona mokwanira, achemwali, magazi azizira okha."

Ndiye ine, wanzeru wa m'banjamo, ndinapeza njira yoti agone. Lachinayi m'mawa mayi ena akutchalitchi atabwera kudzabwereka sefa, ndinawauza ndi nkhope yachisoni kuti amayi akudwala kwambiri. Anabwerera mwakachetechete, ine n'kudziwombera m'manja. Pano ndawerenga mabuku obwereka ambirimbiri, koma sindinapezemo chitsiru chofika pa ine wa tsiku lija. Kodi kwathu kuno munthu angamve kuti mnzake wadwala, iye n'kukhala pakhomo pake?

Dzuwa lisanafike pamutu anatulukira azimayi asanu ndi anayi odzazonda, wina manachesi m'nsalu, wina thobwa m'chigubu. Nyimbo anaiyambira kumsewu. Amayi anatuluka maso ali psuu, anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuyala mphasa. Sanandiulule. Azimayiwo anawapempherera mpaka dzuwa kupendeka, amayi akuvomera "Ame" mutu ukugwa ndi tulo. Madzulo anavala yunifolomu n'kupita kuntchito osagona.

M'mawa mwake BP inapezeka yokwera. Ntchito sanawachotse ayi. Anawapatsa timapiritsi toyera n'kuwasinthira kogwira masana kwa miyezi ingapo. Koma ine mumtima ndinatsimikiza kuti ndawalodza ndi pakamwa panga, paja akuluakulu ankatiletsa kutchulira munthu matenda. Ndinakana kudya masiku awiri, kenako ndinakaulula ndikulira, mamina ali chuu.

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, matendawa si a Lachinayi. Mutu wakhala ukundiwawa zaka zitatu."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanayezetse kalekale, chikhalirecho makina oyezerawo ankawapukuta fumbi okha tsiku ndi tsiku. Anangosenda nachesi, n'kuchotsa timitsitsi tonse toyera monga ndinkakondera, n'kundiika m'manja. "Idya."

Ndinadya, ndikuganiza kuti mwina amayi, akuluakulu onsewo, ankaopa kufinyidwa mkono. Ndinawamvera chisoni mpaka kuwalonjeza kuti ulendo wina ndidzawaperekeza. Sindinkadziwa kuti munthu angadutse pambali pa chithandizo zaka zitatu, mutu ukumuwawa, n'kumayang'ana kumbali chifukwa cha ana atatu amene wawasiya akugona kunyumba.