A Dailesi ndi Tsiku Lachitatu

Mpingo wathu wataya mayi Dailesi Namakhwa, amene ife a Mvano tinkawaseleula kuti ndi anamwino opanda yunifolomu. Anabadwira ku Bangwe, makolo awo atachokera ku Mozambiki. Sukulu analekezera sitandade 5, nalowa ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa, komwe analera ana a eni zaka makumi atatu.

Mwana wawo woyamba, Eliot, analandira katemera kusikelo ali ndi miyezi itatu. Madzulo ake thupi linatentha. Amayi oyandikana nawo anati katemera amatero, lizizira lokha. Sananame, pakuti makanda ambiri amatentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri, basi. Koma tsiku lachitatu Eliot anakana bere. Kwa abwana kunali alendo, choncho a Dailesi anasiyira mng'ono wawo mwanayo n'kupita kuntchito. M'mawa mwake Eliot anayamba kukomoka. Kuchipatala anapeza malungo, koma anali atachedwa.

Pamaliro anthu anayamba kunong'onezana kuti wapha mwana ndi katemera. Kukanawapepukira a Dailesi kungovomereza, koma anakana pamaso pa onse.

"Katemera musamunamizire. Mwana anandiuza pokana bere, ine n'kupita kukatsuka mbale za eni."

Kuyambira pamenepo, mayi aliyense wa mumpingo akabayitsa khanda, tsiku lachitatu a Dailesi ankatulukira pakhomo asanapite kuntchito. Ankafunsa ngati likuyamwa, n'kuligwira pamphumi. Likakhala bwino, ankapemphera mwachidule n'kumapita. Likakhala lofooka, ankalibereka okha n'kulunjika pa minibasi, mayi wake akufunafunabe nsapato.

Sitinkawakonda tonse. Ine ndemwe ndinawabweza pakhomo panga, n'kuwauza kuti asatibweretsere tsoka lawo. Sanachoke. Anakhala pakhonde, dzuwa likuwaomba, mpaka manyazi atandigwira ndinawalowetsa. Mwana wanga Atikonda anathamangira naye kuchipatala, komwe anam'peza ndi chibayo tsiku lomwelo, nagonekedwa sabata yathunthu. Mawu aja amandiwawabe mpaka lero, ndipo iwo sanandikumbutsepo n'kamodzi komwe.

Atakalamba anakakhala ku Kanjedza kwa mwana wawo wamkazi, Linda. Miyendo itakana, ankatuma ife, ndipo tikabwerako ankatifunsa mafunso ngati kukhoti.

Matenda atakula, abusa anawapititsira Mgonero, ife tikuperekeza. Pofuna kuwasangalatsa, tinayamba kutchula mayina a ana amene anawathamangira nawo kuchipatala. Anamvetsera, koma nkhope sinamasuke. Abusa anawakumbutsa kuti Mulungu anakhululuka kalekale.

"Za Mulungu sindikayika, abusa," anatero motsitsa mawu. "Chimene ndikuopa n'kukaonana ndi Eliot."

Tinangoyamba nyimbo. Anamwalira mwamtendere Lachinayi m'mawa, Linda atawagwira dzanja.

Makomo amene ankayendera tagawana ife a Mvano. Tikagogoda kwanu tsiku lachitatu, chonde titsegulireni. Mayi ameneyu anasenza tsiku limodzi zaka makumi anayi, ndipo sitikufuna wina alisenzenso.