Zala za a Mbozi

Bambo anga anakalambira pa nazale ya mitengo, ndipo anzawo ankawatcha a Mbozi. Dzinalo ankalikonda. Ntchito yawo inali kusaka timbozi tobiriwira, tamutu wakuda, tomwe timapinda tsamba ngati ndudu, n'kulisoka ndi ulusi wake, n'kumadya tili m'kati. Kambozi kakakhuta kamagona momwemo, kenako kamatuluka kali kagulugufe kofiirira, kosaposa chikhadabo, n'kukaikira mazira pa mbande zina. Bambo ankafinya tsamba lopindikalo kanthuko kasanamere mapiko.

Kunyumba nkhani inali yomweyo. "Telala wa pamsika akaphunzire kusoka kwa kameneka," ankatero, ife tikuyasamula.

Ng'ala itayamba kuphimba maso awo, anandiletsa kuuza munthu. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya pantchito, ndipo ntchito ikatha, nafenso tinali panja.

"Bambo, mukuonadi inu?" ndinawafunsa tsiku lina atathira tiyi pambali pa kapu.

"Iwe, zala zangazi zinayamba ntchitoyi usanabadwe. Maso n'chiyani?"

Ndinawasiya. Kutsutsana ndi bambo kunali kungotaya malovu.

Mvula itagwa mbande zinaphukira, bambo n'kumaweruka akuimba mluzu. "Chaka chino mbozi zachuluka," ankatero, "koma ndazikhaulitsa."

Tsiku lina masana kapitawo anafika kunyumba atafumbata masamba. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndilibe womutukwana. Anaika tsamba limodzi m'dzanja la bambo.

"Madala, tatsegulani ili."

Bambo analitambasula pang'onopang'ono, n'kumalisisita kufunafuna ulusi. Munalibe ulusi, munalibe mbozi. Linali tsamba lanthete la kunsonga, lija limaphuka lili lopindika kale. Zala zawo zinkafinya nsonga za mbande, pomwe mbozi zenizeni zinali phee m'masamba akale, zikudya.

"Mizere ingati?" anafunsa bambo.

"Yonse ya kumunsi, madala. Abwana aona kale."

"Ziphukanso?"

Kapitawo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Ndinkadikira kuti bambo akalipe, anamizire mphepo kapena mbuzi, monga ankachitira akagwetsa chinthu. Koma iwo anangofumbata tsambalo m'manja.

"Makiyi a nazale ali penapake pakhomapo," anatero. "Mwana wanga, apatse. Ine sindikuwaona."