Ndinaloza Chala Mayi wa Golosale

Kalabu yathu inkakumana Lachitatu lililonse masana, ana akaweruka, m'kalasi ya sitandade 8 chifukwa ndi yokhayo inali ndi madesiki okwana munthu wamkulu. Tinkaitcha kalabu yothandiza ovutika, ngakhale ena mwa ife tinali ovutika ovala bwino chabe. Wapampando anali mwini chigayo. Munali a dokotala a pachipatala chathu chaching'ono, aphunzitsi angapo, alimi a fodya amene okushoni inawakomera, ndi ine mlembi. Munalinso mnzanga wa pamtima, mayi wa golosale. Nkhani iyi ndi ya momwe ndinamutayira ndi pakamwa panga.

Kwawo kunali cha ku Nkhamenya. Anabwera kuno ku Santhe mwamuna wake atamwalira, n'kutsegula kagolosale moyang'anana ndi msika. Chichewa ankachilankhula bwinobwino, koma akapsa mtima kapena akaseka kwambiri, “yayi” wa Chitumbuka ankatuluka yekha. Mwana wanga wachiwiri atagonekedwa kuchipatala cha kuboma, iye anatseka golosale sabata yathunthu kudzadikirira nane. M'kalabumo ndinamukokera ndine, iye akukana kuti sadziwa kulankhula pagulu.

Misonkhano yathu inali ndi mwambo wake wosaphonya. Belu, pemphero, ine kuwerenga zimene tinakambirana sabata yatha, kenaka mlendo wolankhula. A wapampando ankakhulupirira kuti msonkhano wopanda mlendo si msonkhano, choncho tinamvera za manyowa, za katemera wa nkhuku, za kusunga ndalama za fodya kuti zifike Disembala. Tsiku lina namwino anatiyeza magazi tonse, a wapampando atamva zotsatira zawo anangokhala ndwii mpaka potseka. Ndipo panali lamulo limodzi lolimba: kanthu sikankachitika kasanadutse pa Lachitatu. Ngakhale kugula choko kunkadikira kuti wina apereke ganizo, wina avomereze.

Zinali zaka zija za makuponi. Boma linkagawa timapepala toti osauka agulire feteleza motchipa, koma kapepala pakokha sikabereka chimanga. Kankafuna ndalama yowonjezera, kenaka miyendo yoima pamzere kudepoti, nthawi zina masiku atatu. Okalamba ambiri ankalandira kuponi n'kuipinda pansi pa mphasa, osadziwa kuti atani nayo. Ife tinagwirizana kuti tiziwawombolera. Kuti tipeze ndalama tinachititsa ukwati wongoyerekeza pabwalo la sukulu. Mkwati anali a dokotala, mkwatibwi anali mnzangayo, atavala velo yobwereka imene inkamukolera m'mapazi. Anavina perekaniperekani mpaka fumbi kobo, anthu akufupa n'kumagwa ndi phwete. Ine ndinali make mkwatibwi, ndipo ndinalira misozi yabodza mpaka ina inasanduka yeniyeni.

Dongosolo lathu linali lotere. Loweruka tinkavala malaya athu achikasu a kalabu n'kuyenda m'midzi kufufuza okalamba amene ali ndi makuponi. Lachitatu ndinkawerenga maina awo pamsonkhano kuti avomerezedwe. Loweruka linalo tinkabwerera kukatenga makuponi aja, ena a ife n'kukaima pamzere, ngolo n'kukawatulira matumba pakhomo.

Ulendo woyamba zinayenda. Wachiwiri tinapeza nyumba zingapo makuponi mulibe. Anali atagulidwa ndi mavenda, anyamata a panjinga aja ogula kuponi pamtengo wozizira n'kukaombola okha feteleza wogulitsa. Wachitatu zinanyanya. Chimene chinandiimitsa mutu n'choti mavendawo sankasochera. Ankafika ndendende m'nyumba zimene zinali m'buku langa, nyumba yoyandikana n'kuilumpha.

Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo maso anga anazolowera kugwira ana oonera mayeso. Ndinati mwa ife muli wina amene akutulutsa maina. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mndandanda diso limodzi lili pabuku, lina lili pankhope za anthu. Wina akatsokomola, ndinkasunga dzina limene watsokomolerapo. Mlimi wina ankakonda kutuluka kukayankha foni. Ndinamutsatira tsiku lina mpaka pawindo, n'kupeza akukangana ndi mkazi wake za mbuzi. Ngakhale a wapampando ndinawayeza mumtima, poti kuchigayo kumafika aliyense. Tiyi wa potseka anasiya kundikomera, chifukwa aliyense wondipatsira shuga ndinkamuona ngati akundinyengerera.

Ndiye kunabwera mlendo wina, wogulitsa zipangizo za ulimi kuboma, wa nsapato zosongoka zonyezimira ngati sanapondepo fumbi la Kasungu. Anamupeza ndi mnzanga uja, poti ankapikula katundu kwa iyeyo. Analankhula za kathiridwe ka feteleza, mawu ake otsetsereka, aliyense kumutchula kuti bwana. Atamaliza anakhalabe kudikira tiyi, monga alendo onse ankachitira, ndipo ine ndikuwerenga maina iye ankagwedeza mutu. Sabata imeneyo makuponi anapitanso.

Lachitatu lotsatira mnzanga, amene sankalankhulalankhula pamsonkhano, anakweza dzanja.

“A wapampando, ine ndimati bwanji tizitenga makuponi tsiku lomwelo tawapeza agogowo? Sabata yathunthu ndi yaitali. Ngati n'kosunga, kugolosale kuli kabati yokhoma.”

Ndinakumbukira kuti pakhonde la golosale yake pamakhala thumba la feteleza wogulitsa pambale. Thumba lija, mlendo wa nsapato uja, tsopano kabati yokhoma. Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga mwamsanga kwambiri, ndipo ndivomere kuti ndinamva kukoma. Sindinaganize zopita kukamufunsa patokha, munthu amene ndinkalowa m'nyumba mwake osaodira. Ndinaimirira pomwepo.

“Asisi, feteleza mukugulitsa pambale uja mukumutenga kuti?”

“Ndimapikula kuboma, inu mukudziwa. Mwafunsiranji?”

“Ndafunsa chifukwa munthu wanu uja anamva maina onse, sabata yomweyo makuponi n'kuyenda. Lero mukuti tizikusungitsani inu. Kodi mukutiona ngati ana?”

Mlendo wa tsikulo, bambo wa za nkhalango amene anali asanayambe n'kulankhula komwe, anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama chake.

“Yayi, asisi,” anatero mnzanga motsitsa mawu. “Yayi. Ndinu mukunena zimenezi?”

Palibe anamuikira kumbuyo. Anavula malaya achikasu amene anavala pamwamba pa bulauzi, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika padesiki panga. Anatuluka osamenyetsa chitseko.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kumsika. Kuno munthu wobwera salakwa kawiri. Anthu anayamba kukumbukira kuti ankamukayikira kale. Sopo ndi mchere anayamba kukagula kwina. Kutchalitchi amayi ankasendera akakhala nawo pabenchi. Ine ndinkadutsa tsidya lina la msewu khosi lili gwa, ndipo anthu ankandiyamika kuti aphunzitsi aja sanyengeka. Ndinkasangalala nazo zimenezo.

Ulendo wotsatira tinachenjera. Maina ndinawerenga mlendo atapita, chitseko chotseka, mawu a pansipansi. Titabwerera Loweruka, makuponi anali atapita monga kale.

Sindinauze munthu, koma ndinayamba kukayika ngati ndinaloza munthu woyenera. Lolemba nditaweruka ndinavala chitenje changa wamba n'kupita ndekha kwa agogo ena aamuna okhala kuseri kwa esiteti. Anakalambira pa utenanti, kulima fodya wa eni, ndipo anali m'gulu la amene anagulitsa. Ndinawapeza akusoka thumba pansi pa chigafa chakugwa mbali imodzi.

“Agogo, musaope, sindinabwere kudzakalipa. Ndingofuna mundiuze: anyamata aja anawalozera kuno ndani?”

Anandiyang'ana modabwa. “Kuwalozera? Si inu nomwe, amayi?”

“Ife bwanji?”

“Malaya anu aja amaoneka muli tsidya la dambo. Anyamatawo amakhala pamango paja pokhotera, njinga atagoneka. Nyumba imene mwalowa, iwo aiona. Mukangokhota inu, iwo odi.”

Ndinafunsabe, mwina pofuna kuti wolakwa akhale wina: “Nanga munagulitsiranji, ife titakuuzani kuti tibweranso?”

“Munati mukayambe mwakambirana Lachitatu. Iwo anabwera ndi ndowa ya chimanga pakaliyala. Muno munali mutatha masiku awiri osaphika. Mukanatenga kapepalako tsiku lomwelo, bwenzi nditapirira, poti chogulitsa sindikanakhala nacho.”

Anabwerera kusoka thumba lawo. Ine ndinatsazika mawu osamveka, ndipo njira yonse yobwerera ndinkangomva mawu a mnzanga aja onena kuti sabata yathunthu ndi yaitali. Yekhayo ndiye anaona vuto, ndipo ine ndinatenga nzeru yakeyo n'kuisandutsa umboni womupachikira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso.

Ndinazengereza masiku awiri, Lachinayi ndinapita kugolosale. Munalibe wogula. Mashelefu anali odzaza, buledi wa dzana akadali pomwepo. Iye anali atakhala pampando akuluka, ndipo sanaimirire.

“Asisi, ndinakulakwirani. Si inu. Ndadziwa tsopano, ndi ife tomwe amene…”

“Munandilakwira kuti? Muno?”

Sanadikire yankho langa.

“Munandinena pa anthu, mlendo wa eni ali pomwepo. Muno mukupepesa mashelefu. Kanenereni komwe kuja, aliyense amve, zikafikenso kumsika monga zinafikira zija.” Anaika zoluka pamwendo. “Lachitatu ndibwera. Kulowa yayi, sindilowa. Ndidzaima pakhonde, ndidzamve ndi makutu anga.”

Ndinalonjeza. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo mawu oti ndikanene ndinawakonza ngati phunziro la mawa.

Lachitatu linafika kuli mitambo ya mvula yoyamba. Belu litalira ndinamuona pawindo, ataima pakhonde ndi ambulera yopinda m'manja. Nditatha kuwerenga za sabata yatha sindinakhale pansi.

“A wapampando, ndili ndi mawu ofunika.”

A wapampando anayang'ana wotchi. “A mlembi, mlendo wathu wachokera kutali, ndipo akufuna apeze minibasi mvula isanayambe. Mawu anuwo alowe pa nkhani zina, kumapeto.”

Ndikanatha kukana. Ine amene ndinkakhazika chete kalasi yodzaza mpaka pakhomo, mwini chigayo sakanandiletsa kulankhula. Koma ndinaponya maso pankhope zija, anthu omwe aja ankanditamanda kuti sindinyengeka, onse akundiyang'ana mwaulemu. Ndinaganiza za kumsika, momwe akasekere kuti aphunzitsi anagwira wakuba pomwe wolozera njira anali iwo eni. Ndinakhala pansi, ndipo choipitsitsa n'choti mtima unapepuka.

Mlendo anali wa za njuchi. Anafotokoza za ming'oma, za utsi, za nthawi yofula, osathamanga ngati munthu wofuna minibasi. Mvula inayamba kugunda malata, iye n'kukweza mawu. Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka, ndinena kumapeto, iye adikira. Kawiri konse ndinasuzumira pawindo n'kumuona ali pomwepo, mphepo ikumuwaza madzi m'miyendo. Kachitatu pakhonde panalibe munthu. Kumeneko kunali kumuona komaliza ali pafupi: chimanga chisanache anali atatseka golosale n'kubwerera kwawo.

Tinaomba m'manja, mlendo anathokozedwa, tiyi anafika. Kenaka a wapampando anatembenukira kwa ine.

“Tafika pa nkhani zina. A mlembi, munati muli ndi mawu?”

Ndikanatha kunenabe. Anthu anali omwewo, ndipo zikanafika kumsika ngakhale iye atachoka. Ndinayang'ananso pakhonde paja, madzi okhaokha.

“Ayi, a wapampando. Zatha.”

Ndinatsegula buku, ndipo ndi dzanja langa ndinalemba kuti nkhani zina panalibe.