Apozi Wobooka wa mu Shedi

Ndikakumbukira agogo aNabanda, ndimamva fungo la fodya wouma mu shedi ya pa famu ina ku Karoi, m'dziko la Zimbabwe, kumene ankasankha fodya, fumbi lili mbuu m'nsidze, zala zikusisita tsamba lililonse asanaliike pa mulu wake. Pakhoma la kumapeto kwa shediyo panali kalendala ya ogulitsa feteleza, yokhala ndi chithunzi cha dengu la zipatso chimene katswiri wina wa ku Ulaya anajambula adakali mnyamata.

Tsiku lina nditawapititsira maheu, ndinapeza foromani watsopano ataima pa tebulo lawo.

"Amayi, maso anu atha," anatero. "Basa ili lisiyireni ana. Mawa musabwere."

Ndinachita mantha, chifukwa pa famu ntchito ikatha nyumba ya ku komboni imapitanso, ndipo tinalibe kwina kolowera. Koma agogo sanatekeseke n'komwe.

"Bambo foromani, pa dengu ilo mukuonapo chiyani?"

"Zipatso zabwinobwino."

"Zabwinobwino? Apoziyo wabooledwa ndi mbozi. Tsamba la mphesa lili ndi mawanga, linzake lafota, nkhuyu yang'ambika. Mnyamata wojambulayo anali woona mtima, sanabise zoola ngati anthu ena amene amazibisa pakati pa belo la fodya."

Foromani anapita mpaka pakhoma, mphuno pafupi kugunda pepala, anthu atasiya ntchito n'kumulondola. Mayi wina anati, "Chiboo chilipodi!" Nthungululu inalira shedi yonse. Mkulu uja anangokanda m'mutu, nati, "Pitirizani ntchito, amayi."

Popita kunyumba ndinkayenda ngati famuyo ndi yanga. Ndinawafunsa kuti anaona bwanji kachiboo kali kutali choncho, iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, pamene ndinali paja ndimangoona mbuu. Koma chaka chonse ndakhala ndikuima pa chithunzi chija m'mawa uliwonse, pomwe anzangawa amangofunapo tsiku la Loweruka pa kalendalayo. Nanga fodya ndimamuona ndi maso? Ndimamuona ndi zala."

Anasankha fodya mpaka ine nditamaliza sukulu, ndipo belo lawo silinabwezedwepo. Lero ndimaphunzitsa ku Norton. Mnzanga akandiuza kuti mwana wakuti palibe chimene angaphule, ndimayamba ndamufunsa kuti mwanayo wamuyang'anitsitsa kangati.