Dziko Lonse Pansi pa Mpunga

Ndinaphunzitsa Jogalafe zaka khumi ndi chimodzi ndisanatulukepo m'Chigawo cha Pakati. Kutali kwenikweni komwe ndinafika ndi ku Lilongwe, ndipo kumenekonso ndinasochera mudepoti mpaka kondakitala wina anachita kundigwira mkono. Koma mukanandimva ndikufotokoza za kuzizira kwa ku Kanada, mukanathamangira kukatenga juzi.

Sukulu yathu ndi sekondale yoyendera, cha kwa Mwadzama, pakati pa msewu wa tala ndi nyanja. Pepala lomwe ndili nalo ndi la Fomu 4 basi. Komiti ya sukulu inandilemba ntchito chifukwa aphunzitsi a madipuloma ankati akabwera, n'kugona masiku atatu ndi udzudzu wakwathu kuno, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mayi odwala ku Blantyre. Ine ndinalibe kothawira. Ndineneretu kuti ndine munthu wa mtima wapachala. Anthu amanong'onezana zimenezi ngati chinsinsi, pomwe mwini wakene ndakhala ndikuzidziwa kuyambira ndili mwana.

Zipangizo tinali nazo, sindinganame. Poyeza kutalika kwa mtsinje pa mapu tinkasolola ulusi ku neti ya udzudzu. Kampasi inalipo imodzi, muvi wake unkaloza komwe wafuna tsiku limenelo, ndiye kumpoto tinkakupeza poimirira nyanja ili kudzanja lamanja. Mapu a dziko lonse analiponso amodzi, a pakhoma, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kuwadya kuchokera kumunsi.

Kuseri kwa makalasi kunali chisimenti chachikulu chosalala, maziko a labotale yomwe bungwe lina linayamba kumanga n'kuiwala. Tsiku lina ndikudutsa pamenepo ndinaganiza kuti bwanji dziko lonse ndiligoneke apa, ana azilipondaponda, mwina lingalowe m'mutu kudzera kumapazi popeza kumakutu lakana.

Ndinajambula mabokosi ndi pensulo pa mapu a pakhoma aja. Pasimenti tinakoka zingwe n'kulemba mabokosi akuluakulu ndi makala. Kenako ine ndi ana a Fomu 3 tinakopera bokosi limodzilimodzi, masabata atatu athunthu, ine ndikukalipa kuyambira ku Amereka mpaka ku Japani. Penti ndinapempha kwa eni maboti kudoko, yotsalira m'zitini, n'chifukwa chake Ulaya yense anatuluka ndi mtundu wa boti la bambo wina wa usipa. Titamaliza ndinaima pakati pa Afirika manja ali m'chiuno. Ndinkadzimva ngati ndagwira ntchito yolenga dziko ya masiku asanu ndi limodzi ija, kungoti ine ndinachedwa chifukwa cha antchito aulesi.

Chimene sindinachiganizire ndi mpunga. M'dera lonselo munalibe malo ena oyanikapo opanda mchenga, ndipo mpunga wamchenga ogula amaunyoza. Itakwana nthawi yokolola, Lolemba lina m'mawa ndinapeza dziko langa litakwiririka lonse, mtunda ndi nyanja zomwe, amayi atakhala m'mbali ndi ndodo zopirikitsira nkhuku. Moni sindinapereke. Ndinatenga tsache n'kusesera mu udzu mpunga wonse umene unali pa Ulaya. Mpungawo unali wa akazi awo a wapampando wa komiti, komiti yomwe inandilemba ntchito ija. Ndinautola ndekha masana onse, ana akuonerera pawindo.

Ahedi athu ndi munthu wofatsa, sanayambe akanganapo ndi aliyense chifukwa amavomereza mbali zonse ziwiri. Anaweruza kuti amayi aziyanika pamtunda pokha, nyanja zonse zikhale njira za ana asukulu. Ndinatuluka muofesi ndikumenyetsa chitseko. Koma ndiulule, mapu aja anayamba kuoneka bwino kuposa mmene ndinawapentera: mtunda wonse wachikasu, wotukuka pang'ono, nyanja zili mbee.

Kuti mpunga usasakanikirane, amayi anagawana mayiko. Ndipo popeza kukangana kumafuna mayina, mayinawo anawaphunzira.

"Inu a ku Rasha, nkhuku iyo ikubwera kwanu, Tchaina yamaliza kale!"

"Nanga inu mukuiyang'aniranji osaipirikitsa? Mukudikira ionetse pasipoti?"

"Mayi a ku Indiya, kokani mpunga wanu, wadutsa malire."

"Malire ake ati? Aphunzitsi anapenta mokhota apa, akafunseni okha ngati muli ndi moyo wautali."

Omwe amuna awo ali ku Joni ankalimbirana kumunsi kwa Afirika, ati mwina bamboyo amva kulemera akumbuke kwawo. Amayi achisilamu atadziwa pomwe pali Maka, dziko limenelo analisiya lopanda kanthu. Sankapondapo, ndipo m'mawa uliwonse wina ankapukutapo fumbi ndi nsalu. Achiangilikani ataona choncho anafunsa pomwe pali Isiraeli kuti nawonso alemekeze, koma atamupeza anali wochepa kuposa chidendene. Malawi panalibe womufuna. Ankalowa kapu imodzi.

Nthawi yomweyo ana awo, m'kalasi mwanga, pamayeso ankaika Iguputo pafupi ndi Burazilu.

Chaka chachiwiri cha mapuwo anatitumizira mphunzitsi weniweni wa Jogalafe, mtsikana wa digiri, kwawo cha ku Dwangwa. Udzudzu ankaudziwa kale, choncho chiyembekezo changa chinatha sabata yoyamba. Anali waulemu mpaka kundinyansa. Ahedi anandiitana.

"Achimwene, nkhani ili apa. Lachinayi kukubwera mlangizi wa maphunziro, adzakuonani mukuphunzitsa Fomu 2. Akakhutira, Jogalafe mugawana ndi madamu, inu mutenga Fomu 1 ndi 2. Akapanda kukhutira, ndikupatsani makiyi a laibulale."

"Laibulale yake iti? Ija mumagona mileme ija?"

"Nayonso imafuna munthu."

"Zaka khumi ndi chimodzi, ahedi!"

"Mukunena zoona ndithu. Komanso akuluakulu akunena zoona."

Laibulale kwathu ndi kumene amatumiza mphunzitsi amene akuchita naye manyazi kumuchotsa ntchito. Ndiye ndinakonzeka. Ndinasankha kukaphunzitsira pasimenti, chifukwa digiri anali nayo madamu, koma dziko loyendamo ndi mapazi ndinali nalo ine. Amayi ndinawauza kuti asachoke, mlendo adzaone kuti sukulu ndi mudzi n'zogwirizana.

Lachinayi mlangizi anafika, bambo wamfupi wa tayi. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, kope lili pamwendo. Madamu anaima kumbuyo kwa ana. Ndinayamba bwino, zoona zake. Ana ndinawaimika m'nyanja ya Atalantiki, ine bango lili m'manja. Ndikatchula dziko, iwo azithamangira kugombe lake. Ambiri ankafika kolondola, chifukwa amayi awo ankawalozera ndi milomo. Mlangizi ankagwedeza mutu, mwina n'kumwetulira.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ine zikamandiyendera ndimafuna kuonjezera. Ndinauza mtsikana wina kuti atsegule buku awerenge tebulo la kukula kwa malo. Atawerenga ndinatsindika mokweza kuti mlangizi amve: "Mwamva? Afirika amaposa chilumba cha Girinilandi kakhumi n'kupitirira. Lembani."

Girinilandi anali wa mayi wina wachikulire wachisilamu, wogulitsa mpunga pamsewu, munthu woti ndowa akangoiyang'ana amadziwa ngati pansi pake anapakhoma kuti ichepe. Anakhosomola.

"Aphunzitsi, pepani, ife kusukulu sitinapiteko. Mwati kakhumi?"

"N'kupitirira, mayi."

"Iii. Chilumba changachi chimalowa ndowa zinayi. Afirika yense, kuphatikiza anzangawa onse atatu, ndowa zinayinso. Walahi, tayanika zaka ziwiri. Nanga zinazo zimalowa pati?"

Anzawo anavomereza. Mlangizi anaweramira kutsogolo. "Funso labwino kwambiri. Ayankheni amayi, aphunzitsi."

Zaka zonsezo mapu ndinkawaona, tebulo ndinkaliloweza, koma sindinayambe ndaziika pamodzi ziwirizi. Munthu wanzeru akanati tiyeni tifufuze limodzi. Ine ndinawaloza mayiwo ndi bango.

"Inu mumayanika mochindikala, anzanuwo mopyapyala. Nkhani yake ndi imeneyo."

"Aphunzitsi, tiphunzitseni mayiko, kuyanika tisiyireni." Anazika chala mumpunga wawo, n'kuyenda m'nyanja mpaka ku Kongo, kukachizikanso. "Onani. Polekeza chikhadabo kuno, polekeza chikhadabo uko."

Ndinatembenukira ana. "Ndiye kuti a Fomu 3 aja anasokoneza mabokosi pokopera. Ndinkanena ine kuti ndi aulesi."

"Sala," anatero mtsikana wa buku uja, "mapu a pakhoma alinso chomwechi. Tikawatenge?"

Anakawatenga ndisanayankhe. Girinilandi anali pompo, wonenepa ngati Afirika. Chiswe chinadya zambiri pa mapu amenewo, koma umboni chinausiya.

Tsopano wabodza anayenera kukhala mmodzi mwa awiri, mapu kapena buku. Mapu ndinawapenta ndi manja anga.

"Bukuli analakwitsa posindikiza!" ndinakuwa. "Olemba mabuku ndi anthu, nawonso amaodzera. Mpunga uwu tikuuona ndi maso athu. Tengani zolembera, khwatchani nambala imeneyo. Ndati khwatchani!"

Mabuku tinali nawo asanu ndi limodzi sukulu yonse, ndipo onse anakhwatchidwa pamaso pa mlangizi, yemwe tsopano ankalemba mothamanga ngati akuopa kuiwala.

Kenako anafunsa ngati madamu ali n'choonjezera. Madamu anandiyang'ana kaye ngati akupepesa, n'kupempha nachesi kwa mwana wina. Anajambulapo ndi bolopeni kachilumba pamwamba ndi chidziko chachikulu pamimba. Anasenda mosamala n'kuyesa kuyala khokolo pasimenti. Linang'ambika kumwamba ndi kumunsi, mipata yokhayokha.

"Dziko ndi lobulungira ngati nachesi," anatero. "Pepala ndi lafulati. Pofuna kutseka mipata iyi, ojambula mapu amtundu uwu amakoka mayiko akumwamba ndi akumunsi, ndiye amaoneka aakulu kuposa mmene alili. Buku likunena zoona. Ndowa za amayi zikunenanso zoona za pasimenti pano. Ndipo aphunzitsi anakopera bwino kwambiri."

Chomalizachi n'chimene chinandipweteka kuposa zonse.

"Ndiye kuti chilumba changachi anachikoka ngati mpira wa legeni?" anafunsa mayi aja.

"Eya, mayi."

"Alihamudulilahi. Asadzachibwezetu mwakale, ine ndinachizolowera."

Onse anaseka. Ine ndinali nditamvetsa, koyamba, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu, chifukwa cha khoko la nachesi. Sizinatenge ngakhale mphindi zisanu. M'malo mokhala chete ndinati, "Ndimafuna ndione ngati anawa angazindikire okha." Mlangizi analembanso zimenezo.

Makiyi a laibulale ndinalandira Lachisanu. Ahedi anati mlangizi wayamikira mapu kwambiri, ndipo walangiza kuti madamu aziwagwiritsa ntchito poonetsa ana mmene mapu amapotozera dziko. Ndiye kuti ntchito ya manja anga inakwezedwa udindo, mwini wake n'kutsitsidwa. Makiyiwo ndinawaponya padenga la ofesi. Kenako ndinakabwereka makwerero.

Sabata yonse ndinakhala ndi mileme. Kunyumba mkazi wanga anandifunsa ngati sindingayambe geni ya usipa, popeza mayiko andikana. Sindinamuyankhe bwino. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali udindo wokha. Ndinkangoganiza kuti ngati ichi sindinkachidziwa, n'zingati zina zomwe ndakhala ndikukalipira ana a eni ake zaka zonsezi, ineyo osazimvetsa.

Lolemba linalo ndinapita kwa madamu.

"Madamu, anyamata a Fomu 3 ndi amwano, akuvutitsani. Ndizikhala kumbuyo kwa kalasi ndiziwayang'anira."

"Sanandivutitsepo, aphunzitsi."

"Adzayamba."

"Chabwino. Kuli desiki yopanda munthu kukona."

Ndinalowa ndi kope latsopano, lomwe ndinauza aliyense kuti ndi lolembamo mayina a olongolola. Tsiku limenelo ankaphunzitsa chifukwa chake kwathu kukakhala masana kwina kumakhala kusanache. Mutu umenewu ine ndinkauphunzitsa mwachidule: kum'mawa onjezera, kumadzulo chotsera, wofunsa chifukwa chake akatchetche udzu. Madamu anayatsa tochi ya foni, n'kumazunguza mpira wamiyendo pang'onopang'ono patsogolo pake. Ndinafunsa funso. Anayankha. Ndinafunsa lina. Kachitatu ndinawadula mawu madamuwo, ndipo mnyamata wina atayesa kuyankha m'malo mwawo ndinamuuza kuti atseke pakamwa ndimve bwino.

Madamu anaika mpira patebulo.

"Aphunzitsi, m'kalasi muno wofuna kulankhula amakweza dzanja. Wosafuna kutero amatuluka."

Kalasi yonse inatembenuka, kudikira kuti desiki iuluke. Ndinayang'ana chitseko. Chinali pafupi, ndipo chimamenyetseka bwino. Koma ndinali ndisanamve chimene chimachitikira munthu wa m'sitima akadutsa mzere wosinthira tsiku, ngati Lachiwiri lake limatayika ndithu kapena amakalipezanso pobwerera.

Ndinakweza dzanja. Analoza kaye mwana wina.