Dalaivala Amene Ankaopa Kudya

A Kingstone Sakala anayendetsa basi mu Leicester zaka zambiri asanayambe kudwala m'mimba. Kwawo kunali ku Chipata, koma ankakhala ku Wigston, pafupi ndi Leicester pomwepo, ndi akazi awo a Prisca komanso mwana wawo Sheila. Ine ndinawadziwira kutchalitchi kwathu, kumene ankaimba besi m'kwaya. Anali munthu wodya bwino. Pa zikondwerero ankadzaza mbale kawiri, uku akuseka achinyamata odya motolatola ngati nkhuku.

Vuto linayamba chaka cha mliri wa korona, pamene mayi awo anamwalira ku Chipata ndege zisakuuluka. Maliro anaonera pa foni atakhala pabalaza, ndipo m'mawa mwake anapita kuntchito. Patapita milungu ingapo, m'mimba munayamba kupotokola. Lero kudzimbidwa, mawa kutsegula, chonsecho chakudya chinali chomwe chija cha masiku onse.

Munthu wa mu ofesi zikamuchitikira zotere amangodzuka pampando n'kupita kuchimbudzi. Dalaivala wa basi akanyamuka amakhala womangika pachiwongolero mpaka kumapeto kwa ulendo, anthu ali kumbuyo kwake, magalimoto atathithikana mu Welford Road. A Sakala anayamba kuchita mantha. Akangotseka chitseko cha basi m'mimba munkayamba kubwadamuka nthawi yomweyo. Akamaopa m'mimba munkavuta kwambiri, ndipo mukamavuta mantha ankakulirakulira.

Anasiya kudya m'mawa ndi masana. Ankamwa khofi wakuda ndi zakumwa zam'zitini zothamangitsa tulo, n'kudzadya kamodzi akaweruka, tchipisi ndi nkhuku yokazinga zogula panjira. Chakudya chimene a Prisca ankawalongedzera chinkabwerera kunyumba chosatsegula.

"Bambo a Sheila, kodi kuli kwina kumene mukudya?" a Prisca anafunsa tsiku lina akukhuthulira mpunga ndi nyama m'bini.

"Ndilibe njala."

"Miyezi yonseyi mulibe njala? Ine ndimalawirira kuphika ndisanapite ku shifiti, inu n'kumabweza."

Bambo wa pabanja, wa imvi kale m'ndevu, akanayambira pati kuuza mkazi wake kuti akuopa kudziipitsira ngati khanda? Anayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Sheila akayankha m'Chingerezi, monga ankachitira chibadwire, ankamukalipira mpaka mwanayo kulira. Kwaya anasiya, kenako tchalitchi chomwe, chifukwa sankatha kukhala pabenchi mpaka ulaliki kutha.

Chimene ankaopa chinachitika masana ena m'nyengo yozizira, basi itadzaza ana a sukulu. Kutsogolo ankakonza msewu ndipo magalimoto anangoima. A Sakala anapirira, analuma mano, anapemphera chamumtima, koma thupi linawagonjetsa. Anaimika basi pambali n'kulengeza kuti yawonongeka, aliyense atsike. Ana ena anamva fungo akudutsa pakhomo, anatseka mphuno n'kutsika akufa nazo nseko. Iwo anakhalabe pampando osadzuka mpaka woyang'anira wawo, a Aamir, anafika pa galimoto ya kampani n'kuwafunditsa jekete lawo lalitali. A Aamir anawauza kuti akapume kaye, malo awo awasungira. A Sakala sanabwererenso kudepoti.

Kunyumba ananama kuti kampani yachepetsa antchito. Ankangogona kuchipinda makatani ali otseka, osasamba, osayankha foni. Zoona zake a Prisca anakazimvera kwa mkazi wa dalaivala wina, pamsika, ndipo anabwera n'kuima pakhomo la chipinda chija asanavule n'komwe yunifomu.

"Ine ntchito yanga mukuidziwa," anatero. "Tsiku lililonse ndimasambitsa nkhalamba, kuzipukuta, kuzisintha matewera. Anthu achilendo ndimawachitira zimenezo osanyansidwa. Inu mwamuna wanga mumaganiza kuti ndikanakusekani?"

A Prisca anawabukitsira okha kwa dokotala n'kuwaperekeza. Kuchipatala anawayeza magazi ndi chimbudzi, anawaunika m'matumbo ndi kamera, koma sanapeze khansa kapena zilonda. Dokotala anati matumbo awo amadzidzimuka msanga, ndipo anafotokoza kuti matumbo ndi ubongo zimatumizirana mauthenga nthawi zonse, kotero chimodzi chikasokonezeka chinzake sichikhala pamtendere. Anawatumiza kwa mlangizi wa zakudya, mayi Parveen, komanso kwa phungu wothandiza anthu ovutika maganizo. Za phunguyo a Sakala anakaniratu.

"Ine si wamisala," anauza akazi awo ali m'galimoto.

Mayi Parveen anawalangiza kuti azidya pang'onopang'ono pa nthawi zokhazikika, kuyambira ndi phala la oti, mbewu yonga tirigu, m'mawa. Khofi ndi zokazinga achepetse, madzi azimwa okwanira. Anyezi ndi nyemba azisiye kaye, kenako adzaziyesenso chimodzichimodzi kuti aone chimene chikuwapweteka. Anawauzanso kuti aziyenda pansi tsiku lililonse ngakhale kunja kukuzizira. A Sakala anatsatira kwa sabata imodzi, n'kubwerera kuchipinda.

Madzulo ena akudya, Sheila anadandaula kuti ndiwo zopanda anyezi sizikukoma, n'kufunsa chifukwa chake onse akulangidwira matenda a munthu mmodzi. A Sakala anatola mbale n'kuiponya kukhoma. Inasweka pafupi ndi mutu wa mwanayo, ndipo chibenthu china chinamucheka pakhutu. M'mawa mwake a Prisca anatenga Sheila n'kupita kwa mchemwali wawo ku Normanton, mu Derby. Mwezi usanathe anapeza ntchito konko.

Atatsala okha m'nyumba m'pamene a Sakala anayamba kuchita zimene anauzidwa. Palibe amene anawakakamiza. Ankaphika phala lawo m'mawa, n'kuyenda wapansi mpaka ku Knighton Park. Poyamba ankabwerera panjira akamva m'mimba kulira, koma patapita nthawi anayamba kufika n'kuzungulira paki yonse. M'sitolo ya anthu a ku Poland mu Narborough Road anapeza mkaka wowawasa wofanana ndi chambiko, ndipo ankamwa theka la kapu patsiku. Nyemba thupi linazilandiranso, anyezi linakana mpaka lero. Kwa phungu kuja anapita pomaliza, atazengereza nthawi yaitali. Anandiuza kuti tsiku loyamba anakonzeka kukamba za m'mimba, koma anapezeka akukamba za mayi awo ndipo analira mpaka nthawi yawo kutha.

Sanachire kotheratu. Tulo amagona, thupi labwererako, koma akakhumudwa m'mimba mumayambiranso ndipo amatha masiku angapo osatuluka. Pano amalongedza katundu m'nyumba yosungiramo zinthu chakufupi ndi Lutterworth, ntchito imene anaisankha chifukwa chimbudzi chili pafupi ndi pamene amaima.

Loweruka lililonse amakwera sitima kupita ku Derby. Sheila amawapatsa moni mwaulemu, amakhala nawo pang'ono, kenako n'kukwera kuchipinda. Mwezi watha a Sakala analimba mtima n'kufunsa akazi awo ngati angabwerere ku Wigston.

"Mwana akadali ndi mantha," a Prisca anayankha. "Alembe kaye mayeso, tidzakambirana."

Mayesowo ndi a chaka chamawa. A Sakala anavomera, anamwa madzi amene anapatsidwa, n'kunyamuka kukadikira sitima yobwerera ku Leicester.